Mbuzi ya Atolankhani

1. Filimu yothera panjira

Loweruka limenelo Eliness sanasoke fodya masana. Anapempha amayi ake, ndipo iwo anamulola kupita kuholo ya tchalitchi, koma abwere dzuwa lisanapendeke. Kunali kutabwera achinyamata a ku Lilongwe ndi filimu yaulere.

Eliness anali wa Fomu 3 pa sekondale yoyendera. Makolo ake anachokera ku Phalombe kudzalima fodya ngati matenanti pa esiteti ina kufupi ndi Nsaru. Pa ana onse a matenanti, ndi iye yekha amene anafika ku sekondale.

Mng'ono wake Vainess, wa zaka khumi, anali atasiya sukulu chiyambireni kuthyola fodya mu Januwale. Kapitawo wa pa esiteti, a Laison, analamula kuti banja lililonse lipereke mwana mmodzi wosoka fodya m'chigafa, apo ayi lilongedze katundu. Vainess ankasoka sabata yonse. Madzulo ankadandaula mutu ndi chizungulire, nthawi zina n'kusanza kumene. Eliness zinkamupweteka mtima kwambiri, koma akanakauza ndani?

M'holomo mazenera anatchingidwa ndi masaka kuti mukhale mdima. Anthu anadzaza mpaka pakhomo, ena ana ali kumsana.

Filimuyo inali ya mtolankhani wa pa wailesi ya kanema, bambo wosalala pakamwa, wokonda taye yofiira. Anapita kumudzi wina kumene mjigo unalonjezedwa koma sunakumbidwe. Mayi wina wogulitsa tomato anamuuza zoona zonse pamaso pa kamera, misozi ili mbwee. Bamboyo anagwedeza mutu ngati wamva chisoni. Atangochoka, anakalowa m'galimoto ya mwini kampani yokumba mijigo n'kulandira envulopu yonenepa.

Ku ofesi anadula mawu a mayi uja, apa pang'ono, apo pang'ono. Pa kanema mayiyo anaoneka akuthokoza kampani. Kuwonjezera apo, mtolankhaniyo anaulula dzina lake, ndipo anyamata olembedwa ganyu anakagwetsa benchi yake ya tomato.

M'holo munali phokoso la mtima bii. Anthu a kwathu kuno saonera filimu ali chete ngati ali m'kalasi, amalowamo.

"Taonani mmene akumwetulira, mfiti yeniyeni," anatero mayi wina.

"Amayi inu musamuuze, akugulitsani ameneyo," anakuwa mnyamata wina kumbuyo, ngati mayi wa pachinsaluyo amumva.

Mai Rebecca, tenanti woyandikana ndi a Eliness, anavula silipasi kuti agende chinsalu. Anachita kugwidwa dzanja.

Nkhani itafika pokoma, jenereta inatsokomola kawiri n'kuzima. Petulo anali atatha, ndipo wina kunalibe.

2. Chenjezo la a Dyson

Anthu anayamba kudzuka akung'ung'udza. Apa a Dyson, mkulu wa mpingo amene kale anali mphunzitsi, anaimirira kutsogolo n'kuomba m'manja.

"Khalani kaye pansi, abale anga," anatero. "Filimuyi ine ndinaionera yonse kwa mwana wanga mu mzinda. Zimene mwaonazi zimachitikadi, sindikukana. Munthu akakuimikani pamaso pa kamera, dziwani kuti mawu anu akupita kumene inu simudzafikako, ndipo simudzawatsatira kuti mukawakonze. Choncho musalankhule chifukwa choti mlendoyo wavala bwino kapena wabwera pa galimoto. Mufunseni dzina lake. Mufunseni amene wamutuma. Mufunseni kuti mawu anu akawachita chiyani."

Anthu anavomereza ndi mitu. Ena anali atafika kale panja, akukangana za chilango choyenera bambo wa taye uja.

A Dyson anakweza mawu. "Sindinathe. Mwaonera theka lokha. Mu ofesi ija munali mtsikana wina amene amangokhala chete pakona, mwamuona eti? Kutsogoloku iyeyo ndi amene akukana envulopu n'kuulula zonse, mpaka ntchito kumuthera. Mukatuluka muno ndi mtima woti onse ndi akuba, wakuba uja wakuberani kawiri. Tsiku limene kudzabwere munthu wachilungamo, mudzatseka pakamwa, iye n'kubwerera chimanjamanja. Kukayika si kulakwa. Kulakwa ndi kukayika osafunsa."

Mawu oyamba aja Eliness anawasunga bwino. Otsirizawa anawamva ali pakhomo akuyang'ana dzuwa, ndipo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Njira yonse yobwerera ankangoganiza za mayi wa tomato ndi benchi yake.

3. Pepala la a kapitawo

Lolemba madzulo, Eliness akungofika kuchokera kusukulu, anapeza a Laison atakhala pa mpando wa bambo ake. Munthu ameneyu sankayendera nyumba za matenanti chabe. Akabwera akuseka, ndiye kuti pali chinthu.

"Wabwera wophunzira wathu," anatero. "Mawa kukubwera a kanema. Pali wina wamiseche amene wawanamiza kuti pano timagwiritsa ana ntchito. Bwana mwini esiteti akuti iweyo ulankhule m'malo mwa ana onse. Uvale yunifolomu, koma kusukulu usapite."

Anamupatsa pepala. Panalembedwa kuti ana onse a pa esiteti amapita kusukulu, ndipo palibe mwana amene amakhudza fodya.

"Uloweze ngati ndakatulo. Ana enawo asambe m'manja ndi mchenga. Amene utomoni wa fodya wakana kuchoka tikawasunga kuchigafa cha kudambo mpaka alendo apite."

Vainess anabisa manja kumbuyo. Zala zake zinali zakuda bii, zong'ambika m'mphepete mwa zikhadabo. Manja otero sayera ndi mchenga wa tsiku limodzi.

A Laison atapita, bambo ake a Eliness anamuitana.

"Mwana wanga, tamvera. Ife kuno ndife obwera. Tilibe munda, tilibe mbale. Fodya wathu ali m'chigafa, ndipo akatithamangitsa lero, thukuta la chaka chonse latsala pano. A kanemawo abwera m'mawa, madzulo akagona ku Lilongwe m'nyumba zamagetsi. Ife tidzuka pompano, maso ndi maso ndi a Laison. Sindikuti bodza ndi labwino. Inenso ndikamuona Vainess akusanza, chakudya sichindilowa. Koma usadziyese wanzeru pamaso pa anthu amene sukuwadziwa. Werenga za papepalazo, ubwere kunyumba."

Amayi ake ankasankha nyemba. Makoma a nyumba za matenanti ndi a udzu, ndipo zoyankhula m'nyumba imodzi zimamveka m'nyumba zitatu. Bambo atatuluka, iwo anayandikira n'kunong'ona.

"Iwe ndi amene wapita kusukulu m'nyumba muno. Mawa usachite mantha. Unene zimene maso ako aona."

Eliness anafuna kufunsa zambiri, koma bambo anabwereranso kudzatenga mpeni. Amayi anabwerera ku nyemba zawo.

4. Alendo afika

Galimoto yoyera ya bokosi kumbuyo inafika cha m'ma 9 koloko. Munatuluka mayi wachitsikana wovala nsapato zamatope ndi bambo wonyamula kamera. A Laison sanawapatse mpata woyang'ana uku ndi uku. Anawatengera kunyumba ya bwana kuti akamwe kaye tiyi.

Matenanti anasonkhanitsidwa pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi ofesi. Ana osambitsidwa bwino anakhala kutsogolo, ena atavala yunifolomu zobwereka zofika m'mawondo. Vainess ndi anzake anayi panalibe.

Ola linatha alendo asanatuluke. Ambiri pamenepo anali ataonera filimu ija, ndiye aliyense anasanduka katswiri.

"Tiyi wanji wa ola lathunthu?" anafunsa bambo wina chapansipansi.

"Akuwerengerana za m'envulopu," anayankha mnzake.

"Uyu alibe taye, koma ndi omwewo. Mwaona mmene anamwetulira potsika?"

Kenaka anyamata awiri a ku khola anatulukira atanyamula mbuzi yonenepa, yomangidwa miyendo. Anaiponya m'bokosi la galimoto ya alendo.

Tsono kuno kwathu mlendo wolemekezeka sachoka chimanjamanja. Abusa akabwera amapita ndi nkhuku, alangizi a zaulimi amapita ndi mtedza, ndipo palibe amene amati chimenecho ndi chiphuphu. Mbuzi imeneyi ikanakwezedwa sabata yapitayo, anthu akanangoti bwana ndi waulemu. Koma Loweruka linali litawatsegula maso, ndipo maso otseguka kumene amaona zambiri, zina zoti palibe.

Mai Rebecca anakodola Eliness ndi chigongono. "Kutauni amalandira envulopu, kuno alandira ya miyendo inayi. Mwanawe, ukalankhula zoona apa, mawa dzina lako lili patebulo pa bwana. Wagulidwa kale ameneyu."

Eliness anayang'ana mbuziyo. Mantha anamugwira, ndipo mkwiyo unabwera pamwamba pake.

5. Pamaso pa kamera

Alendo atatuluka, a Laison anakoka Eliness pa dzanja n'kumuimika kutsogolo. Mayi uja anapempha kuti akacheze naye poduka mphepo, kuseri kwa ofesi, popanda wina aliyense. A Laison sanakondwe, koma anavomera. Anakaima patali, manja ali m'thumba, maso ali pa Eliness.

"Ine ndine Dorcas," anatero mayiyo. "Tisanayambe, kodi uli ndi funso lililonse kwa ine? Funsa chilichonse, usaope."

Funso linalipo, lalikulu ndithu. Linali pakamwa penipeni. Nthawi yomweyo mbuzi inalira m'galimoto muja.

"Ndilibe, madamu," anayankha Eliness.

Kamera inayatsidwa. Eliness anaimirira mowongoka ngati pa asembule n'kunena zonse za papepala, osaphonya ngakhale liwu limodzi. Ana onse amapita kusukulu. Palibe mwana amene amakhudza fodya. Bwana amakonda maphunziro.

Dorcas anamvetsera mpaka pamapeto. Kenaka anauza mnzake kuti aloze kamera pansi.

"Waloweza bwino," anatero motsitsa mawu. "Tsopano tamvera, mng'ono wanga. Ngati ukuopa, tikhoza kubisa nkhope yako, ndi mawu ako tikhoza kuwasintha kuti asadziwike. Dzina lako silituluka. Kodi uli ndi mng'ono wako wamkazi?"

Eliness anadabwa. Wadziwa bwanji? Ndani wamuuza? Bambo wa taye uja nayenso ankalankhula mokoma chonchi asanagulitse mayi wa tomato.

"Alipo."

"Ali kuti lero?"

"Ali kusukulu."

"Ukunena zoona?"

"Eya, madamu. Ali Sitandade 4."

Dorcas anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanakwiye. Anangooneka wotopa.

"Chabwino. Popanda munthu wa pano wotiuza kapena kutionetsa, ine ndilibe nkhani. Zimene wanenazi ndi zokhazo zimene ndili nazo. Tikhala pa msika wa Nsaru mpaka 4 koloko, tikujambula zina. Ukakumbukira kanthu, utipeza kumeneko."

Eliness anabwerera pansi pa mango akudziona ngati wapulumutsa banja lake. Mai Rebecca anamusisita pamsana.

Alendo anajambula ana ovala yunifolomu aja, anajambula ndi chigafa chopanda mwana. Atafika pa galimoto, Dorcas anaima. Anauza wa kamera kuti amuthandize, ndipo awiriwo anatsitsa mbuzi ija, kuimasula miyendo n'kuimangirira pa mtengo.

"A kapitawo," anatero mokweza kuti onse amve, "ndinanena kale m'nyumba muja kuti mbuziyi sititenga, koma anyamata anu anaikweza basi. Ndikudziwa kuti ndi ulemu wa kuno, ndipo sindikunyoza. Koma ntchito yathu siilola kulandira kanthu kwa munthu amene tikumufufuza. Muwathokozere bwana."

Galimoto inanyamuka. Mai Rebecca anayamba kukonza mpango wawo umene sunali wopotoka n'komwe.

6. Amene anaimba foni

Eliness anathamangira kuchigafa cha kudambo. Anapeza amayi ake atafika kale, Vainess atagona pamiyendo pawo. Anawo anali atatsekeredwa maola anayi pakati pa fodya wamuwisi, ndipo Vainess anali atasanza kawiri.

"Wawauza?" anafunsa amayi.

Eliness anaweramitsa mutu. "Ndimaganiza kuti agulidwa, amayi. Mbuzi ija."

"Unawafunsa za mbuziyo?"

"Ayi."

Amayi anatuma ana enawo kuti azipita kwawo. Atatsala atatu, analankhula mosakweza mawu.

"Amene anaitana anthu aja ndine. Nambala yawo ndinaimva pa wailesi, ndinaisunga pamtima milungu itatu. Tsiku lija ndinapita kuchigayo, ndinabwereka foni ya mayi wina wosandidziwa. Dzina langa sindinatchule. Ndinangoti ndili ndi ana aakazi awiri, wamng'ono akudwala ndi fodya, wamkulu ndi wa sekondale ndipo ndi amene adzalankhule, chifukwa ine pamaso pa anthu lilime limandilemera. Bambo ako sindinawauze, akanandiletsa. Iwenso sindinakuuze zonse, ndinaopa makutu a anthu, ndipo pamenepo ndinalakwa ndine. Koma Eliness, ine sindinapite kusukulu, sindinaonere filimu yanuyo. Ndimangodziwa kuti munthu ukamukayikira umamufunsa, numva mmene ayankhire. Takuvutikira kuti ufike Fomu 3 kuti tsiku lina udzatsegule pakamwa pamene ife tikulephera. Tsikulo linali lero."

Eliness analira. Manyazi amene anamva sanawamvepo chibadwire.

Vainess anatsegula maso. "Achemwali, ndiye mawa ndipita kusukulu?"

Amayi anamudzutsa n'kumubereka kumsana.

7. Lole ya mawa

Anafika kunyumba cha m'ma 2 koloko, Vainess ali kumsana kwa amayi. A Laison anali atafika kale, akulankhula ndi bambo pabwalo. Ulendo uno sankaseka.

"Walankhula bwino, mtsikana, bwana akondwa," anatero. "Koma mzimayi wokana mbuzi uja sindikumukhulupirira. Akhoza kubweranso mosatidziwitsa. Tsono iwe wanena wekha pa kanema kuti ana onse a pano ali kusukulu. Dziko lonse limva zimenezo. Ndiye mwana sangaonekenso m'chigafa muno, eti?"

Nkhope ya amayi inawala pang'ono. Anaganiza kuti mwina anawo awamasula.

"Mawa m'mamawa kubwera lole," anapitiriza a Laison. "Vainess ndi anzake anayi aja apita ku munda wina wa bwana, kupitirira Kabudula. Kumeneko galimoto yaing'ono siifika nthawi ya mvula ino. Akasoka komweko mpaka fodya athe. Mumukonzere bulangete."

"Mwana akudwala uyu, a kapitawo," anatero bambo. "Akagona ndi ndani kumeneko?"

"Amene sakufuna, msewu wa ku Phalombe akuudziwa."

A Laison anachoka. Amayi anakhala pansi pomwepo, Vainess akadali kumsana.

Eliness anayang'ana dzuwa. Kuchokera pa esiteti kukafika pa Nsaru ndi ola limodzi ndi theka pa njinga, ngati matope alola. Analowa m'nyumba n'kutulutsa njinga ya bambo ake.

"Ukupita kuti?" anafunsa bambo.

"Kukakonza zimene ndawononga, ababa. Ndinanena bodza pa kamera. Mawu anga okha sawakhulupiriranso. Ndikufuna aone manja a Vainess."

"Ukudziwa kuti akatithamangitsa tilibe kolowera?"

"Ndikudziwa. Koma mawa akamukweza lole, ndine ndamukweza."

Bambo anayang'ana ana awo awiri. Kenaka analowa m'nyumba. Anatuluka ndi pampu, anagwada, n'kuyamba kupopa tayala lakumbuyo.

Amayi anapinda chitenje n'kuchiyala pa kaliyala. Anamukhazika Vainess n'kumuuza kuti agwire mkulu wake m'chiuno zolimba, asataye ngakhale chizungulire chibwere.

Pa esitetiyo njira yotulukira ndi imodzi yokha, chifukwa mbali zina zonse kuli waya ndi dambo lodzaza madzi. Eliness anapalasa kudutsa nyumba za matenanti, anthu akusuzumira m'makomo. Anadutsa zigafa, anadutsa ofesi.

Atakhota pa ngodya yomaliza, anapeza geti ili yotseka. Mlonda panalibe. Pa mpando wa mlonda panali patakhala a Laison, makiyi ali m'manja.

Anadzuka pang'onopang'ono n'kugwira chiwongolero cha njinga. Anayang'ana Eliness, kenaka anayang'ana timanja takuda timene tinamugwira m'chiuno.

"Wophunzira wathu," anatero. "Mwanayu paja unati ali kusukulu. Tsono ukupita naye kuti?"